Mapini a Pamapu a Wometa

Wometa wa m'kanjira ka kuseri kwa msika anthu ankawatcha a Kazembe, ngakhale kuti chibadwire sanapyolepo pamene basi imatembenukira. Dzinali linachokera pakhoma. Pamene ometa anzawo amamata zithunzi za mametedwe ndi za akatswiri a mpira, iwo anamatapo mapu a dziko lonse lapansi, aakulu ngati chitseko, amene anawatola sukulu ina ikutaya zinthu zakale. Mapuwo anali okalamba kuposa eni ake. Mayiko ena anasintha mayina, ena anagawikana ngati banja losamvana, ndipo a Kazembe ankakonza zonsezo ndi bolopeni yofiira akangomva pa wailesi.

Ukakhala pampando wawo, unkametedwa ndi kuphunzitsidwa nthawi imodzi. Makina akulira kunkhongo, iwo ankakuuza kuti Chile ndi dziko lalitali ngati lamba, kuti Brazil imalima khofi wambiri zedi, kuti Ijipiti ukachotsako mtsinje wa Nile watsala ndi mchenga. "Dziko lili ngati mutu wa munthu," ankatero akukupendeketsa khosi. "Kwina nkhalango, kwina dazi." Ofulumira ankakametetsa kwina. Koma pabenchi sipankasowa madoda opuma pantchito, amene tsitsi linawathera kalekale, ongobwerera nkhani.

Tsidya la kanjirako, pakhonde la golosale, pankakhala mlongo wawo wamng'ono, telala, ndi makina ake osokera. Telalayu anakwatiwa ndi dalaivala wa thiraki, mwamuna wathupi, wa mawu okoma, wotha kuseka nthabwala yako usanaimalize. Ameneyu ndiye anali maso a wometa wathu. Ankachoka masabata angapo, ndipo akabwera ankayamba wafika kometera, kunyumba pambuyo. A Kazembe ankamufunditsa nsalu yatsopano, osamulipiritsa, n'kumamvetsera za kudoko, za migodi, za milatho yotalika moti umayamba kuwoloka uli ndi njala n'kukafika tsidya utaiwala. Kumeta kukatha, ankawoloka kanjira kukapempha pini imodzi kwa mlongo wawo, ya mutu wofiira kapena wachikasu, n'kudzaibaya pamapu pamene alamu awo afika. Zaka zikupita mapini anachuluka, ndipo mlendo aliyense ankasonyezedwa. "Monsemu mwaponda phazi la pabanja pathu."

Dalaivalayo anali atalonjezanso. "Ulendo wina tidzapitira limodzi, alamu. Munthu wodziwa dziko ngati inu sangafe asanaone nyanja yamchere." A Kazembe anajambulitsa, anaima pamizere, mpaka anatenga pasipoti. Inkagona m'dirowa pamodzi ndi malezala, ikudikira ulendo umene nthawi zonse unkagwa mwezi wa mawa.

Nthawi zina telala ankabwera masana opanda makasitomala, tepi yoyezera ili m'khosi, n'kuima pakhomo.

"Achimwene, kodi kudokoko n'kutali bwanji koti munthu n'kutha mwezi wathunthu?"

Apa ndiye a Kazembe ankasangalala. Ankamuvula tepiyo, kuiyala pamapu kuchokera pamene tili mpaka kunyanja, n'kuyamba kufotokoza. Za mizere ya mathiraki pachipata cha m'malire, za sitima zochedwa ndi mphepo, za mvula yokokolola misewu, za dziko loyandikana nafe limene ndalama yake yagwa mphamvu moti mafuta akusowa. "Chemwali, dziko ndi lalikulu. Mwamuna wako akulimbana ndi mitunda, iwe ukulimbana naye mumtima. Pita ukasoke." Telala ankabwerera kumakina ake mtima uli pansi, ndipo achimwene ake ankadziona ngati agwira ntchito ya ankhoswe ndi ya aphunzitsi pamodzi.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kwa a Kazembe mlendoyo anadzadi, koma anabwera kudzametedwa. Anali bambo wa imvi zapatalipatali, atavala ovolosi ya chizindikiro chofanana ndi cha pa thiraki ya alamu awo. Wometa anamulandira ngati m'bale, ndipo nsalu isanamangidwe n'komwe anali atamusonyeza kale mapini.

"Ndiye kuti mumawadziwa alamu anga. Athupi, oseka kwambiri, a chipsera pachibwano."

"Ameneyo? Timadyera limodzi masana."

"Onsewa ndi maulendo awo."

Mlendo anayang'ana mapu, anayang'ana wometa m'galasi, kenako anaseka mpaka nsalu inatsetsereka.

"Bambo, musandiphe ndi nthiti. Mnzangayo amanyamula simenti kuchoka kufakitale kupita kudepoti. Akanyamuka m'mawa, dzuwa likamapendeka watsitsa kale. Za kunja zimayendetsedwa ndi ena. Iyeyo ngakhale pasipoti alibe."

"Nanga masabata onsewo amakhala kuti?"

"Kunyumba kwake, kuseri kwa depoti. Mayi wa kumeneko amatiphikira tiyi ife tikamadikira kutsitsa. Ndimayesa inuyo ndinu achimwene a mayi ameneyo."

 Mdala wina wa pabenchi anayamba kufufuza chinthu m'thumba chimene sanachipeze. A Kazembe anamaliza kumeta mlendoyo, ndipo amene analipo amati mzere wa pamphumi unatuluka wokhota, koyamba m'mbiri ya malo amenewo.

Masiku otsatira wailesi inakhala yozimitsa. A Kazembe ankameta mwakachetechete, makasitomala n'kumafunsana ngati kwagwa zovuta. Chimene chinkawadya sichinali cha mkazi wakudepoti chokha. Ankakumbukira mmene alamu awo ankayambira nkhani akangokhala pampando: "Kaya wailesi yanu ikuti chiyani za kumene ndachokeraku?" Iwo n'kuyamba kukhuthula zonse, za migodi, za milatho, za mitengo ya katundu. Dalaivala n'kumangogwedeza mutu, "Ndendende, alamu, ngati munali konko," kenako n'kuwabwezera zomwezo atathira mchere. Zaka zonsezi ankagula mbuzi yawo yomwe. Ndipo akasuzumira pakhomo n'kuona mlongo wawo ataweramira makina, ankakumbukira tepi ija. Wonama anali wina, koma wokhomerera bodzalo ndi manja ake, mwaluso, mosapemphedwa, anali iwo.

Komabe mtima wa munthu ndi wokakamira. Pena ankati mwina mlendo uja ndi wanjiru. Anaganiza zodzimvera okha.

Dalaivala anatulukira Loweruka lina masana, akupukuta thukuta, benchi ili yodzaza.

"Alamu, ndabwera ndi fumbi la mayiko atatu. Chotsani msanga."

A Kazembe anamufunditsa nsalu monga mwa masiku onse. Anatenga chipeso n'kuloza nacho dziko lina lopakidwa chikasu, lozingidwa ndi anzake mbali zonse ngati nyumba ya pakati pa mdadada.

"Ulendo uno ndiye mwafika apa, eti?"

"Pomwepo. Mwalasa."

"Doko lake ndi lotani? Paja wailesi sinenako."

"Musanene, alamu. Sitima zake zazitali kuposa nyumba zosanja. Mphepo ya kunyanja ikakuwomba, mchere umachita kukanirira m'nsidze. Ndinaima pamenepo n'kumati, alamu anga akanakhala pano."

Makina analira kanthawi. A Kazembe anawazimitsa.

"Alamu, dziko limenelo lilibe nyanja."

Dalaivala anaphethira, koma sanali munthu wogwa ndi chibakera chimodzi.

"Mapu anuwa ndi akale."

"Ndi akaledi. Mayina amasintha, malire amasuntha, ndakonzapo ndi dzanja langa. Koma nyanja sinasamukepo kulondola thiraki ya simenti."

Mawu oti simenti atamveka, thupi lonse lija linaphwa ngati tayala. Madoda a pabenchi, amene pa nkhani za Brazil ankawodzera, tsopano anali maso gwa. Dalaivala anatsitsa mawu.

"Tikambirane ngati amuna, alamu. Kujaku kuli mwana wamng'ono. Achemwali anu asamve, mudzangowapweteka mtima. Ndipo za ulendo wathu uja, ndikhoza kulankhula ndi anzanga a mathiraki akunja."

"Weramani."

Anamumeta bwinobwino, mbali zonse mofanana, poti mutu wometedwa theka umanyozetsa wometa. Kungoti sipiriti wa pomaliza anathira wochuluka kuposa masiku onse, ndipo dalaivala anangopirira.

Atatuluka, a Kazembe anayamba kuzula mapini. Anazula ya kudoko, ya kumigodi, ya kumilatho, n'kumaiponya m'chivundikiro cha botolo la mafuta odzola. Anawoloka kanjira atanyamula chivundikirocho ndi manja awiri, n'kuchiika pamakina a mlongo wawo.

Telala anasiya kupalasa. Anayang'ana mapiniwo nthawi yaitali.

"Abwerera onse?"

"Onse, chemwali. Sanapite kulikonse. Amathera kudepoti, ndipo kumeneko kuli nyumba."

A Kazembe ankayembekeza kuti mlongo wawo alira, koma telala anangotola pini imodzi n'kuibaya pa kapilo kake.

"Chaka chatha malaya awo anabwera ndi batani losokedwa ndi ulusi wobiriwira. Ine malaya oyera sindisoka ndi ulusi wobiriwira. Lina linabweranso, kasokedwe komweko, ka munthu wamanzere."

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinkabwera, achimwene. Ndinkaima pakhomo panu paja kuti mwina mundifunse chimene ndaona. Inu munkandivula tepi."

A Kazembe anafuna kunena kuti nawonso anapusitsidwa, kuti pasipoti ili m'dirowa. Koma mlongo wawo anali atayambanso kupalasa makina.

Zovala za dalaivala zinatuluka m'nyumba sabata yomweyo, zitapindidwa bwino m'chikwama, ndipo akuti pamwamba penipeni panali malaya a batani lobiriwira. Thiraki ija masiku ano imadutsa msewu wina. Mlongo ndi mlongo wake amalankhulana, amatumizirana ana, pa matenda amathamangirana. Koma telala saimanso pakhomo la kometera kufunsa kanthu, ndipo a Kazembe akafuna kuyeza mtunda pamapu amagwiritsa ntchito chipeso.

Wailesi inayambanso kulira, maphunziro anabwerera, ngakhale kuti tsopano nkhani iliyonse amaiyamba ndi mawu oti "akuti". Mapu akadali pakhoma, ali ndi timabowo tambirimbiri kuchokera pakati mpaka kunyanja. Kasitomala wachilendo akafunsa chimene chinaboola, a Kazembe amamupendeketsa khosi n'kuyatsa makina.

"Njenjete," amatero. "Inalowera pakhomo, ndipo ndinkaimeta ulere."