Chitsime Chimene Sichinali pa Mapu Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 6, chaka chimene mvula inadula chimanga chili m'chiuno. Tinkakhala kwa Kapitawo, kamudzi ka m'mbali mwa esiteti ya fodya kumtunda kwa Namwera. Ukaima pachulu cha kuseri kwa sukulu, mapiri a ku Mozambique ankaoneka ngati ali pakhomo. Nkhondo ya kumeneko inali itatikhuthulira anthu ambiri. Anamanga timisasa tawo ta udzu kutsidya kwa msewu, ndipo ife tinkangowatchula kuti othawa, ngati kuti analibe maina.

Mudzi wonse unali ndi mjigo umodzi, ndipo chaka chimenecho unayamba kutopa. M'mawa unkatulutsa madzi bwinobwino, koma dzuwa likafika pamutu unkangolira zitsulo n'kulavula timadontho ta dzimbiri. Ndiye amayi a m'mudzi anapangana kuti eni mudzi azitunga m'mawa, othawa azibwera masana. Palibe amene anazitcha nkhanza, onse ankati ndi dongosolo. Lamulo la pamjigo aliyense amalidziwa: ukaika ndowa pamzere, ngakhale uchokepo ndowayo imakusungira malo, ndipo kukhudza ndowa ya mnzako ndi kuputa ndewu. Ine ndinali mwana wapakamwa, wosaphonya nambala wani m'kalasi, ndipo ndinadzilemba ndekha ntchito ya upolisi wa pamzere.

M'mawa wina ndinapeza chitini pakati pa ndowa zathu. Chinali chija cha mafuta ophikira chimene othawa ankalandira, chomangidwa waya pamwamba kuti chizigwirika. Mwini wake anali atakhala pamwala chapatali, bambo wokalamba, wowonda, wovala kofia yoyera imene fumbi linali litaifiiritsa. Dzina lawo linali Che Amidu. Atsikanafe tinkawaseka chifukwa anali mwamuna yekhayo wotunga madzi. Akazi awo anamwalirira m'njira pothawa, ndipo analibe mwana wamkazi wowatungira. Masiku awiri otsatizana anali atabwera masana monga mwa lamulo, n'kubwerera ndi chitini chouma. Zimenezi ndinadzazimva pambuyo pake, chifukwa tsiku limenelo sindinafunse.

Ndinachimenya ndi chidendene chitinicho. Chinagubuduka mpaka m'ngalande, n'kupindika m'mbali. Anzanga anaseka, ndipo kusekako kunandiwonjezera mphamvu.

"Kuno si kwanu," ndinatero. "Madzi anu ali ku Mozambique."

Che Amidu anadzuka pang'onopang'ono, anatola chitini chawo, anayesa kuwongola popindikapo ndi chala chachikulu. Zitakanika, anachikoleka m'dzanja n'kuwoloka msewu. 

Nkhani ya pamjigo imathamanga kuposa wosenza ndowa. Pamene ndinkafika kunyumba n'kuti amayi atamva kale. Sanandikwapule, ngakhale ine ndikanakonda chikwapu chifukwa chimapola msanga. Anati kuyambira mawa ndowa yanga yoyamba izikhala ya Che Amidu, ndiziisenza ndekha kuwoloka msewu anzanga akuona, ndizigwada popereka, mpaka tsiku limene amayiwo adzanene kuti basi. Nditayamba kung'ung'udza kuti anthuwo si akuno, amayi anandifunsa kumene ndinkaganiza kuti ifeyo tinachokera. Anandiuza kuti agogo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique komweko, cha ku Mulanje, atasenza mphika ndi mphasa, ndipo ana awo ndi amene anadzafika kuno potsata ntchito ya fodya. Ndinamva, koma mtima sunagonje. Ndinkati zimenezo n'zakale, ife tsopano ndife eni.

Sabata yomweyo aphunzitsi athu, a Mbewe, anatipatsa ntchito yojambula mapu a mudzi wathu ndi kulemba mbiri yake. Ndinaigwira ndi mtima wonse. Ndinajambula msewu, sukulu, tchalitchi, mzikiti, mjigo, mabani owotchera fodya, ndi khwawa louma la kuseri kwa mabaniwo. Malire a dziko ndinawakhwatcha ndi pensulo yofiira, mzere wonenepa. Mbiri ndinaiyambira pa tsiku limene esiteti inatsegulidwa, kapitawo woyamba n'kumanga nyumba m'mbali mwa msewu. Misasa ya othawa sindinaiike. Paja amati mlendo ndi mame, ndiye ndinaona kuti palibe chifukwa chowonongera pensulo pa mame.

M'mawa wachinayi wa chilango changa ndinapita kwa Che Amidu kope lili m'khwapa, kuti ndikatula madzi ndingolunjika kusukulu. Masiku onsewo ankangolandira n'kundithokoza m'Chiyao kuti, "Asante, amwali," ine n'kuthawa. Tsiku limeneli anafunsa chimene chinali m'kopemo. Manyazi ndinali nawo, koma kunyada kunawaposa, choncho ndinatsegula n'kuyamba kuwalozera chimodzichimodzi ngati mphunzitsi. Zilembo za kusukulu sankazidziwa, ankangowerenga za ku madarasa, koma mapuwo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Nanga Nandembo ali pati?" anafunsa.

Ndinawauza kuti kuno kulibe malo otero. Anasalaza fumbi ndi chikhatho, n'kuyamba kujambula ndi chala. Anajambula phiri, khwawa lija, ndi njira yakale imene inkadutsa kumene tsopano kunali minda ya fodya. Anati khwawalo ndiye Nandembo, chifukwa ndembo m'Chiyao ndi njovu, ndipo makolo awo ankati njovu zinkatsikira pamenepo kudzamwa pa kasupe wosaphwa. Kenaka anaika chala pamalo a mitengo ya mango ya kuseri kwa mabani, imene anafe tinkaiopa chifukwa pansi pake panali manda akale.

"Ine ndinabadwira apa. Mchombo wanga uli pansi pa mango amenewo, mayi wanganso agona pomwepo."

Anandifotokozera kuti anachoka ali mnyamata kukakwatira kutsidya, n'kukhala komweko pachikamwini monga achitira Ayao. Unali ulendo wa m'mawa umodzi wokha, ndipo masiku amenewo mzere wanga wofiirawo palibe ankauona. Anthu ankawoloka kupita kumaliro ndi kuzinamwali osadziwa kuti awoloka. Pambuyo pake esiteti inatenga malo, abale awo anabalalika, ena kunyanja ku Lungwena, ena ku Chowe, ndipo antchito a fodya anadzamanga mudzi watsopano kumsewu. Nkhondo itavuta iwo anathawira kwawo, koma anapeza kwawoko kutasamuka.

Ndinafunsa chifukwa chimene sanatiuzire za kasupeyo, anthu tikuvutika chonchi.

"Ndinakasuzumirako chapatali, khwawa lonse linakwiririka ndi mchenga," anatero. "Koma amwali, munthu wa chitini sangakumbe m'dziko la eni asanamufunse. Akanati ndikukwirira mankhwala. Ndipo palibe anandifunsa."

Pakamwa panga pomwe paja panagwiranso ntchito. Ndinauza amayi, amayi anauza achimwene awo, malume Yohane, amene ankagwira ntchito kumabani, koma ndinakalengezanso pamjigo. Kumeneko nkhani inatembenuka. Ena anati mkuluyo njala yamusokoneza mutu. Mayi wina anati zili bwino, ngati othawa ali ndi chitsime chawo, ndiye pamjigo asadzapondenso ngakhale masana, azikatunga ku Nandembo wawoyo. Ambiri anavomera. Ndinabwerera kunyumba nditazindikira kuti madziwo akapanda kupezeka, ndidzakhala nditalanda Che Amidu ndi anthu onse a kutsidya kwa msewu ngakhale timadontho ta dzimbiri tija.

Loweruka malume anatenga amuna awiri ndi makasu. Shehe wa pamzikiti anawaloleza kudutsa m'mbali mwa manda. Ine ndinatsatira nditasenza fosholo. Titafika kukhwawa, Che Amidu anaima n'kumangotembenuka uku ndi uku. Chizindikiro chimene ankadalira chinali mkuyu waukulu, koma mkuyuwo unali utadulidwa kalekale n'kuthera m'ng'anjo za fodya, chitsa chomwe osatsala. Anayenda kupita kumtunda, n'kubwerera kumunsi, amuna aja atatsamira makasu. Potsiriza analoza malo ena mokayikira. Anakumba mpaka dzenje linafika m'chifuwa, dzuwa litapendeka, koma dothi linali louma ngati phulusa. Amuna awiri aja anasasa fumbi n'kumapita akuseka. Che Amidu anakhala m'mphepete mwa dzenjelo mutu uli pansi, ndipo ndinachita mantha kuwayang'ana.

Mawa lake, titaweruka kutchalitchi, anabwera malume okha. Sindikudziwa ngati ankakhulupirira kapena ankangoopa mlongo wawo. Che Amidu anati ulendo uno ayambira pamanda a mayi awo. Anati mitengo imadulidwa, njira zimalimidwa, koma manda a Asilamu onse amagona molunjika kumodzi ndipo satembenuka. Tsiku loika mayi awo, iwo ndi amene anakatunga madzi owaza pamandapo, ndipo ankakumbukira kuti anatsika molunjika kuchokera kumiyendo kwa manda mpaka pakasupe. Ine ndinaima kunja kwa mitengo ya mango, poti ana aakazi sitinkalowa kumanda. Ndinawaona ataima nthawi ndithu manja ali otambasula, akupemphera. Kenaka anatembenuka n'kuyamba kutsika, osapatuka, kudutsa m'minga momwe, mpaka anaima pamalo otalikirana ndithu ndi dzenje ladzulo.

Malume anayamba kukumba pamenepo. Dzenje litafika m'chiuno khasu linagunda mwala, kenaka wina, miyala yafulati yoyalidwa ndi manja a anthu. Che Amidu anagwada n'kuisisita, nati apa ndi pamene amayi ankakhazika mitsuko. Pansi pa miyalayo mchenga unayamba kuda, kenaka kuzizira, kenaka kumata kufosholo. Fungo la dothi lonyowa linatuluka m'dzenjemo, fungo limene tinali titaliiwala chaka chimenecho. Madzi sanatumphuke ayi. Anangoyamba kusonkhana pang'onopang'ono pakona, ofiirira ngati thobwa.

Anthu anali atayamba kufika, ena atanyamula kale ndowa, koma palibe anatchula za mzere. Che Amidu anatsitsa chitini chawo, malume n'kuchidzaza ndi chikho. Ndinkayesa amwa, chifukwa milomo yawo inali yong'aluka. Koma anachinyamula n'kukwera nacho chitunda, akupumira m'njira, mpaka pansi pa mango paja, n'kuthira madzi onsewo pamanda a mayi awo. Pamene ankapendeketsa chitinicho ndinaona popindika paja, pamene panagunda chidendene changa. Ndinalira, ndipo sindinabise.

Lamulo la m'mawa ndi masana linafa lokha, popanda wolithetsa. Chitsimecho chinatisunga tonse, a kuno ndi a kutsidya kwa msewu, mpaka mvula inabwera. Pa mapu anga ndinawonjezapo kadontho n'kulemba kuti Nandembo. A Mbewe anakakhwatcha ndi bolopeni yofiira, ati sikali pa mapu a boma opachikidwa mu ofesi, chonsecho akazi awo ankatunga pomwepo m'mawa uliwonse.

Amayi sananene konse kuti basi, inenso sindinafunse. Ndinapitiriza kuwatungira Che Amidu, ndipo ankandiphunzitsa maina akale a timapiri ndi timitsinje, ena ndawaiwala, zimene zimandimvetsa chisoni. Malole obweza othawa kwawo mtendere utabwera iwo sanawaone. Anamwalira nyengo yozizira yotsatira, ndipo anaikidwa pansi pa mango pomwe paja. Miyezi yonseyo ndinagwada pakhomo pawo m'mawa uliwonse, koma mawu akuti pepani sanatuluke pakamwa panga. Ndinkati ndowa ikundilankhulira. Mwana amene ankatha kulankhula zonse analephera liwu limodzi lokhalo.

Tsopano ndine mayi wa ana akuluakulu. Ndikapita kwathu ndimapeza chitsime chija chili ndi simenti ndi chivundikiro, ndipo anthu amachitcha pa Mlendo. Ana amati kale kunabwera mlendo wa ku Mozambique amene anali ndi mankhwala onunkhiza madzi. Ndimawaimitsa n'kuwauza kuti malowo ndi Nandembo, kuti munthuyo dzina lake linali Che Amidu, ndipo mankhwala ake anali manda a mayi ake. Amandiyang'ana ngati mmene ndinkayang'anira amayi anga, kenaka amasenza ndowa zawo n'kumapita.

Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Oiwala ndife anthu. Chimene ndikuchimvetsa lero n'chakuti mbiri ya mudzi wathu ndinaiyambira pa tsiku limene ifeyo tinafika, ndiye aliyense amene sanali m'kope langa anasanduka mlendo. Ndinauza munthu kuti kuno si kwanu ataima mtunda wosakwana kuitana kuchokera pamene anabadwira, ndipo iye anandiyankha pondipatsa madzi. Pepani uja ndimamunena tsopano ndikaima kunja kwa mitengo ya mango, koma wondiyankha kuti asante, amwali, palibenso.