Tinasambitsa mapazi osamba kale

Lolemba lapitali Fata anandiitana kuofesi. "Aphunzitsi, sukulu itseka Sabata Loyera lisanafike, ndiye mwambo wosambitsa mapazi tichite Lachinayi lino. Koma osambitsa akhale mapulifekiti, aphunzire kuti mtsogoleri ndi wantchito wa anzake. Tisankhireni ana khumi ndi awiri."

Mukundidziwa ine. Ndinakulira mukomboni konkuno ku Tengwe, ndipo bambo anga atachoka ku Dedza anakalambira mushedi yosankhira fodya. Kusankha n'kwakumtundu. Ndinafoletsa Fomu Wani yonse pakhonde n'kuuza amene anali ndi nsapato kuti avule. Phazi losalala uku, la ming'alu uko. Pomaliza ndinapeza kuti khumi ndi awiri anga onse ndi ana a makalaliki ndi mafolomani. Ndinadziyamikira kuti diso ndili nalo.

Mtsikana wina, Filomena, anakweza dzanja. Ameneyu amachokera kupulazi ya fodya ya kutsidya kwa mtsinje, wapansi, ndipo nyengo ino amayamba wamanga kaye fodya asanabwere kusukulu. Mapazi ake ndi akuda bii ndi phula la fodya.

"Ticha, ndiikenipo. Mai ati adzabwera kudzaona."

"Iwe tikupatsa udindo waukulu kuposa onse," ndinatero. "Udzatunga madzi."

Lachitatu osankhidwa aja anathera pamjigo, kukwecha zidendene ndi mwala mpaka kufiira, kenako kudzola mafuta. Mkulu wa mapulifekiti, amene sukulu yonse ikudziwa kuti Lenti ino wasiya shuga chifukwa amatiuza m'mawa uliwonse, anapereka thaulo lake kwa kamtsikana ka Fomu Wani kuti kachape n'kusita. N'komwe kamamuchapira masokosi chaka chonse.

Lachinayi mwambo unakoma, osanama. Kwaya inaimba, mapulifekiti anagwada ngati pachithunzi, makolo ena mpaka misozi. Atatha mapazi onse, madzi a m'beseni anali oti mutha kuphikira tiyi. Filomena anapita kumjigo katatu, ndowa pamutu. Posiya ndowa yomaliza anadinda matope pakhomo la tchalitchi, Sisitere n'kumupatsa chikolopa.

Anthu akutuluka, mai ake a Filomena, a Rosa, ochokera ku Tete, anandigwadira mwaulemu wonse.

"Aphunzitsi, ine sukulu sindinapondeko, ndiphunzitseni. Ambuye aja anasambitsa mapazi chifukwa anali oyera, kapena chifukwa anali ndi fumbi?"

Ndinatsokomola.

"Ndachita kumupempha folomani kuti ndidzaone mwana wanga akusambitsidwa. Ndamuona akukolopa. Manje kukolopa amakudziwa kale, shuwa. Ngati sukulu yake ndi imeneyi, kushedi akumufuna."

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma abale, kumawawa.

Musandiseke kwambiri. Ndani mwa ife sanaoneko bwana wamkulu akubwera kudzabzala mtengo m'dzenje lokumba ena, atagwira fosholo yatsopano yomangidwa riboni? Woyendera sukulu akati abwera, sitipaka laimu miyala ya m'njira n'kukankhira kumbuyo ana opanda yunifolomu? Kutumikira timakukonda ndithu, bola otumikiridwawo ayambe asamba.

Ndipo ana amaonera ife. Pulifekiti amene lero wagwada ndi thaulo losita wina, mawa adzakhala manijala wa pulazi kapena phungu. Taphunzitsa mwanayo kuti kudzichepetsa ndi mwambo wa mphindi makumi awiri, wokhala ndi kwaya. Tidzadabwa chiyani akamadzatikumbukira kamodzi pa zaka zisanu?

Lenti yathu ndi yotero. Timasiya shuga, nyama, ena fodya. Kutuma anzathu sitisiya.

Lachisanu mpando wa Filomena unali wopanda munthu. Ndinachita manyazi oti sindinawamvepo chiyambire ntchito ino, chifukwa mwanayo pamasamu alibe mnzake, ndipo amene akalowa mushedi nyengo ino kawirikawiri sabwereranso.

Loweruka ndinauyamba wa kutsidya. Pamtsinje ndinavula nsapato kuti ndiwoloke, ndipo ndinaziona zidendene zanga, zipsera za ming'alu ya mukomboni zikadalipo. Ndikanafola nawo pakhonde paja, ndikanadzituma kumjigo.

Ndinamupeza mushedi pambali pa mai ake, akuyala masamba, owala uku, akuda uko. Anandiyang'ana kumapazi, kenako kumaso.

"Ticha, lero mwabwera kudzasankha chiyani?"

Ndinapepesa pamaso pa anthu onse, folomani ali pomwepo. A Rosa anangoti, "Tamva." Filomena anapitiriza kuyala masamba.

Mawa Lolemba ndikaima pachipata cha sukulu ndi beseni, madzi otunga ndekha, popanda kwaya. Kaya abwera, sindikudziwa.

Nanga inu, madzi a m'beseni mwanu Lenti ino ada kapena akadali oti tiphikire tiyi?