Anatapa phazi langa ku Mpemba

Mdzukulu wanga Tadala wafika kuno ku Mbayani ndi timatumba ta dothi lofiira. Akuti akufufuza nikelo, chitsulo chobisala m'nthaka. Fungo lake, mayo ine, landibwezera ku Mpemba!

Ndili kamtsikana, kunabwera azibambo a zipewa zolimba, nakumba maenje m'munda mwathu. Mmodzi anatapa dothi pomwe ndinaponda ine, n'kumanga m'kathumba. Wotapa phazi ndi mfiti, tonse tinkadziwa.

"Amayi, anditenga phazi! Ndifa ine!"

"Khala chete, angakumve," ananong'ona amayi.

Ndinkayenda ndikukoka nthambi, kufufuta mapazi anga. Kukacha, n'kupapasa miyendo kuona ngati yatupa.

Chonsecho ankangofuna miyala, anthuwo! Miyendoyo ndi ino, Tadala iwe, ikuvinabe, ikuvinabe!