Buleki Imene Sindinapope

Fakitale ya nsapato itandichotsa ntchito, ndinatha zaka ziwiri ndikugogoda pamageti a ku Harare, mkazi ndi ana awiri akundidikira m'kachipinda ka lendi ku Unit D. Amene anandimvera chisoni anali azakhali anga, a Nabanda. Iwo ankagulitsa tomato pageti la nyumba yawo ku Unit O, ndipo amuna awo, bambo Zuze, ankakonza magalimoto pabwalo pomwepo. Azakhali anawachonderera mwezi wathunthu mpaka bambowo anavomera, koma anandiuziratu kuti munthu wa ndevu saphunzira sipanala. Kumeneko kunali kotsiriza, ndinalibe kwina kogwira.

Ntchito yambiri inali ya mabuleki a magalimoto akale a Pijo onyamula anthu opita m'tauni. M'zaka za m'ma 80 zimenezo zipangizo zinkasowa, moti madisiki, zitsulo zozungulira zimene buleki imagwira, tinkatola ku magalimoto akufa n'kukawapalitsa. Umayamba waika njerwa kumatayala akumbuyo, n'kumasula manati, kukweza ndi jeke, kuchotsa tayala. Kalipa, chitsulo chogwira mapadi amene amapana disiki, umaimangirira ndi waya kuti paipi ya mafuta isakokeke. Ukasintha disiki umaitsuka ndi petulo, kenako umakankhira pisitoni m'kati ndi kalampu kuti mapadi atsopano alowe. Chomaliza, umakhala pampando n'kupopa buleki mpaka iume, chifukwa pisitoni yokankhidwa ija imakhala isanafike pamapadi.

M'mwezi wachinayi bambo Zuze anapita kukasaka zipangizo, n'kundisiyira galimoto ya a Moyo, dalaivala wosakhazikika. Kanali koyamba kugwira ndekha. Ndinasintha madisiki ndi mapadi mbali zonse ziwiri, manati n'kuwabwereza kawiri. A Moyo ankangozungulira, akudandaula m'Chishona kuti anzawo akuwatengera anthu pasiteji. Ine mtima unali m'mwamba, ndikuganiza za mmene bambo Zuze adzachitire manyazi. Ndinachotsa njerwa n'kuwapatsa makiyi.

Bwalo lija linali lotsetserekera kugeti. A Moyo anabweza galimoto m'mbuyo, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Buleki inalowa mpaka pansi. Galimoto inaphwanya thebulo la tomato n'kupanikiza azakhali pachipilala cha geti. Mwendo wawo unathyoka pawiri.

Bambo Zuze atabwera kuchokera kuchipatala sanakalipe. Anayang'ana matayala onse, n'kupeza kuti zonse ndinamanga bwino.

"Kodi unapopa?" anandifunsa.

Ndinapukusa mutu.

"Siya ovolosi pamsomali, uzipita."

Mbiri yoipa siifuna kukwera basi kuti ifale. Garaja iliyonse imene ndinafikako, kuyambira ku Unit C mpaka kwina konse, inali itamva kale. Ndinathera konyamula matumba a mbatata kumsika, ana akukula ndi nsapato zong'ambika, bambo wawo atagwirapo kufakitale ya nsapato. Sindinakhalenso makaniko.

Phunziro ndinalisunga, ngakhale lilibe pogwira ntchito: usapereke makiyi usanakhale pampando wekha n'kumva buleki ikukana phazi. Lero mwana wanga akamakonza galimoto yake pakhomo, ndimamutulutsa n'kupopa ndekha kasanu, iye akuseka.

Azakhali anatsimphina zaka khumi ndi zinayi mpaka kumwalira kwawo. Ndinkafuna anditukwane ngakhale kamodzi, mwina mtima ukanapepuka. Koma tikakumana kutchalitchi ankayamba ndi iwo kundipatsa moni, atatsamira ndodo, n'kufunsa ngati ndapeza ntchito.