Ndinaopa kuthira mchenga pa nsalu ya chipani

Inu owerenga, manja a achemwali anga anapsa chifukwa cha ine, ndipo mpaka lero nkhaniyi siindikhazika pansi.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Achemwali anali telala wodziwika pa Nselema, ndiye anaitanidwa kukaonetsa zosoka zawo ku chionetsero cha zaulimi ku Balaka. Ananditenga kuti ndikawathandize. Zisakasa zonse zinali za udzu. Alangizi anazungulira m'mawa akunena kuti moto usalowe m'chisakasa, mpata wa pakati pa zisakasa usatsekedwe, ndowa ya mchenga ikhale pakhomo. Ine mumtima ndinangoti alankhule, ntchito yawo ndi yomweyo.

Madiresi anali atakwinyika mulole. Posafuna manyazi, ndinabwereka simbi ya makala n'kuyamba kusita m'kati mwa chisakasa chathu. Mpata uja tinali titautseka kale ndi nsalu ya chipani, ya nkhope ya mtsogoleri wa dziko, kuti mlendo wolemekezeka atiyamikire. Kuseri kwa nsaluyo kunali chisakasa cha alimi a thonje.

Ng'oma zitalira kuti mlendo wafika, amayi tonse tinathamangira kukavina. Masiku amenewo munthu sunkatsala. Simbi ndinaisiya pansi yosatseka bwino, mwera ukuwomba.

M'bwalomo miyendo inkavina koma mtima unali ku chisakasa. Ndinazemba. Ndinapeza moto wagwira m'munsi mwa nsalu ija, waung'ono ngati chikhatho. Ndinanyamula ndowa, koma potukula maso ndinaona anyamata awiri a chipani ataima pafupi. Ndithire mchenga pankhope imeneyo iwo akuona? Anthu ankasowa pa zazing'ono kuposa zimenezo. Anyamatawo nawonso ankaopa kuikhadzula nsaluyo. Tinangoyang'anana ngati zitsiru, ndowa ikundilemera m'manja, mpaka moto unalumphira ku thonje n'kukwera denga.

Achemwali anafika akuthamanga n'kulowa mu utsimo kukatenga makina awo osokera. Ndinakuwa kuti awasiye, koma sanamve. Anatuluka nawo chitsulo chitatentha, khungu la m'manja litatsalira pomwepo. Zala zinapola zitapindika, sanagwirenso singano.

Pofunsidwa ndi akuluakulu, achemwali za simbi sanatchule. Ine anandifunsa kamodzi kokha tili kuchipatala: "Iwe, mchenga unali nawo. Unkadikira chilolezo cha ndani?" Funso limenelo limandiwawa mpaka pano.

Inu amene mumakaonetsa malonda m'zionetsero, malamulo a moto aja si ongokuvutitsani. Kusita kasitireni panja, mpata usiyeni, ngakhale chotsekacho chikhale chokongola bwanji. Ndipo moto ukabuka zimitsani msanga, zoti wina aganiza chiyani mudzaziona pambuyo. Achemwali anga, munthu amene anaveka akwati a Nselema yonse, batani la bulauzi yawo ndimawamangira ndine.