Ufa Wakuda wa ku Joni

Ndinaganiza zochoka tsiku limene ndinasiya koleji, m'chaka chachiwiri. Fizi inasowa, basi. Bambo anga, amene amakonza mabatire a galimoto kuseri kwa msika wa Tsoka, anati ndizikawathandiza. Ndinawayankha mwachipongwe kuti sindinaphunzire sayansi kuti ndizithira madzi m'mabatire a anthu. Patatha sabata ziwiri ndinakwera basi ya ku Joni.

Kumeneko ndinapeza ntchito pafakitale ina. Tinkasakaniza ufa wa kaboni, wosalala kuposa mwaye, ndi pulasitiki wosungunula. Pulasitiki payekha salola magetsi kudutsa, koma ukamuthira ufawo amalimba, magetsi n'kumayendamo, ndipo amapangira zam'kati mwa mabatire. Ukachulutsa, ufawo umaundana, chinthucho n'kumathyoka ngati bisiketi. Zimenezi ndinkazimvetsa kuposa kapitawo wathu, koma ntchito yanga inali yonyamula matumba ndi kupala m'thanki.

Kunyumba ndinkati ndine injiniya. Ndinabwereka jasi loyera, n'kujambulitsa, n'kutumiza chithunzi. Ndalama ndinkatumiza mwezi uno, winawo zii. Lamlungu ndinkabindikira m'kachipinda, kukhosomola zakuda, wopanda ngakhale wokangana naye m'Chichewa. Ndikaimba foni, mayi ankangoti, "Kuno tonse tili bwino. Abambo ako ali kuntchito."

Fakitale itagula makina osakanizira, tonse onyamula matumba anatichotsa. Nditabwerera kwathu, ndinatsika padepoti ndi chikwama chimodzi, mtima uli pa chinthu chimodzinso: bambo akandifunsa za uinjiniya uja, ndikayankha chiyani?

Ndinawapeza pabenchi lawo, akupapasa batire ndi zala kufunafuna poika waya. Maso onse awiri anali atachita ng'ala. Mwini batire, bwana wina wa ku City Centre, ankangoyang'ana wotchi, uku akung'ung'udza. Ndinafuna kumutukwana, koma ndinangosendera pafupi ndi bambo.

"Bambo, ndine Madalitso."

Anagwira dzanja langa, n'kumasisita zikang'a za m'dzanjamo kwa kanthawi.

"Awa si manja a mu ofesi."

"Ayi, bambo."

"Aa, nanga amayi ako amvekere uli ndi sekilitale!" Anaseka mpaka kutsokomola. "Tandiwerengera mita iyi, abwanawa akuchedwa."

Ndinagwada, n'kuwerenga. Batire inali yabwinobwino, vuto linali dzimbiri pamutu pake.

Madzulo ndinafunsa mayi chifukwa chimene sanandiuzire za maso a bambo. Anati, "Anandiletsa. Amati ungasiye ntchito yako yabwino."

Zaka zitatu zonsezo ndinkayesa kuti wabodza m'banjamu ndine ndekha.