Kanema wa Rodney, Mlandu wa a Harawa

Rodney Harawa ndi mwana wachitatu wa a Thomson Harawa ndi mayi Rahab NyaLuhanga a ku Nchenachena. Iye ndi mkazi wake Vailet ali ndi ana awiri: Tawina, amene amawerenga ngati mphunzitsi, ndi Collen, amene anatengera mphumi ya agogo ake aamuna. Mayina amenewa atchulidwe poyamba, chifukwa masiku ano kuli anthu amene akutchula banja limeneli atapotoza milomo, ngati kuti si iwo omwe ankapanikizana pa mabenchi Loweruka lililonse. Banja la a Harawa silinabepo ngakhale dzira la munthu.

Rodney anabadwa ndi manja omvana ndi mawaya. Ali mwana anamasula wayilesi ya bambo ake yonse, n'kuibwezera, ndipo inayamba kugwira mpaka za ku Tanzania. Fomu 4 anakhoza, koma ntchito inamukana. Anakakonzako mafoni ku Mzuzu, kenaka anabwerera kumudzi msana wa bambo ake utayamba kugonja m'munda wa khofi. Ana a anthu ena akapita amapitiratu. Uyu anabwerera.

Atabwerera anaumba njerwa, n'kumanga chipinda chachikulu pabwalo la bambo ake. Padenga anaika sola, m'kati batire, tivi ndi mabenchi. Anthu ankatsika m'mapiri kudzaonera mpira wa ku Mangalande. Palibe amene ankati akupita kwa Rodney, onse ankati, “Tili ku kanema wa kwa a Harawa.” Kuno chilichonse choima pabwalo, kaya nkhokwe, kaya khola, chimatchedwa ndi dzina la mwini bwalo.

Poyamba Rodney ankalipira kwa eni ake a mpirawo monga mwa lamulo. Koma mtengo unkakwera ngati msewu wa ku Livingstonia, pamene matumba a anthu anali omwewo. Ndiye kunatulukira Mike, mnzake wa ku Mzuzu, ndi kabokosi kochepa ngati sopo. Kankangofuna netiweki ndi nambala yachinsinsi imene Mike ankatumiza akalandira malipiro pafoni. Kabokosiko kankaba zithunzi za eni ake, ndipo Rodney ankadziwa.

Nthawi imeneyo layini ya Rodney inali itatsekedwa chifukwa chiphaso chake chinali chitatha ntchito. Choncho anapempha foni ya bambo ake, ija amalandirirapo za khofi. A Thomson ndi mkulu wa mpingo kuyambira Rodney asanamere mano, ndipo za mpira sadziwa ngakhale kuti chigoli chimaloza kuti. Anafunsa funso limodzi lokha.

“Zimenezi n'zowongoka, Rodney?”

“N'zowongoka, adada.”

“Yewo.” Anamupatsa foni.

Amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma ichi chinaimba, ndipo chinaimba nthawi yaitali. Poyamba chithunzi chinkangouma. Wosewera akakweza mwendo kuti amenye, ankakhala choncho, mwendo uli m'mwamba.

“Rodney, mutsitseni mwendo mnzanuyo, atupa!” ankakuwa Jimmy, wogaya chimanga pa chigayo, amene pakamwa pake sipapuma. “Kapena timuthandize kukankha?”

Anthu ankaseka, Rodney n'kuzima kabokosi, n'kukayatsanso. Mike ankatumiza nambala yatsopano ndi mawu akuti, “Atseka khomo limodzi, ife tatsegula lina.” Koma makomowo anayamba kutsekedwa msangamsanga. Kenaka pangodya ya tivi panayamba kuoneka timanambala toyera, tobwera n'kuzimirira. Jimmy anati ndi nambala za mwayi. Rodney sanaseke. Ankadziwa kuti eni mpira amaika timanambalato kuti adziwe pamene zithunzi zawo zikudonthera.

Loweruka lina masana kunabwera mlendo wa nsapato zopanda fumbi, pamsewu umene ngakhale abusa amafika atafiira mpaka m'mawondo. Analankhula Chichewa cha kuchigawo chapakati, analipira pakhomo, n'kukhala benchi lakumbuyo. Ovala zofiira atagoletsa, chipinda chonse chinadumpha, iye yekha anakhala chikhalire. Maso ake sanali pa mpira. Anali pa shelefu pamene panali kabokosi.

“Achimwene, mukuchemerera ati?” Jimmy anamufunsa. “Kapena mwabwera kumaliro?”

“Ndimangokonda masewero,” mlendoyo anatero. Potuluka anafunsa dzina la malowo, ndipo pakamwa pambiri panayankha mwachifundo: kwa a Harawa.

Sabata yotsatira foni ya Mike inasiya kugwira. Tivi inangoti bii pakati pa mpira, ndipo sinadzukenso. Rodney anabweza anthu, n'kukhala yekha pa benchi, akuyang'ana kabokosi. Vailet anamupeza pomwepo.

“Bambo a Tawina, kauzeni adada. Amve kwa inu, asamve kwa alendo.”

“Mawa,” Rodney anatero.

Mawa lake foni ya a Thomson inalira ali kuseri kwa nyumba akusankha khofi. Mawu aulemu anafunsa ngati akulankhula ndi a Thomson Harawa. Atavomera, foni inaduka. Madzulo pachakudya anafotokoza nkhaniyo akuseka, nati mwina ndi ogula khofi. NyaLuhanga sanaseke. Anaona dzanja la mwana wake litaima pakati pa mbale ndi pakamwa.

Galimoto inafika Lachinayi m'mawa, dzuwa litangowuma mame. Inatsitsa wapolisi, mlendo uja wa nsapato, ndi bwana wina wa ku ofesi. Anati “Odi,” ndipo analandiridwa monga alendo amalandiridwira pabwalo limeneli kuyambira kale. NyaLuhanga anatulutsa mipando. A Thomson anavala jekete lawo la ku mpingo n'kukhala kutsogolo. Rodney ananjuta chapatali pambali, chifukwa mlendo akafika, mwana wamwamuna, ngakhale akhale ndi ndevu ndi ana ake, salankhula bambo ake asanamupatse mawu.

“Mike uja tamugwira ku Mzuzu,” bwanayo anatero, “ndipo m'foni mwake muli nambala yanu. Kanema uyu ndi wandani?”

A Thomson anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana Rodney. Sanamuloze, sanamutchule. Anangomuyang'ana, monga munthu amatsegula chitseko n'kupatuka kuti wina adutse. Apo ndi pamene panali mpata. Rodney anatsegula pakamwa. Pakhomo pa khitchini panali Tawina atanyamula Collen kumbuyo. Rodney anawayang'ana anawo, anayang'ana unyolo m'lamba wa wapolisi, n'kuweramitsa mutu ngati mwana waulemu.

“Bwalo ndi langa,” a Thomson anatero. “Foni ndi yanga. Ndine.”

“Madala, inu mumadziwa kulumikiza zimenezi?” wapolisi anafunsa, akuyang'ana Rodney m'mbali.

“Mwafunsa mwini. Mwini wayankha.”

Alendowo ananyamula tivi, kabokosi ndi foni ya khofi. A Thomson anakwera okha, osagwiridwa dzanja. NyaLuhanga anaima pamsewu chilili mpaka fumbi litatha, ndipo anafunsa amene anabwera kudzasuzumira ngati ataya kanthu pabwalopo.

A Thomson anagona kupolisi ku Rumphi boma, n'kutulutsidwa pa belo. Koma nkhani inali itafika kale ku mpingo. Akulu anzawo anawaitana, nawafunsa mwachifatse ngati anadziwa kuti pabwalo pawo pakuonetsedwa zakuba. Akanati mwana wawo anawanamiza, zikanathera pomwepo. Iwo anati, “Za pabwalo langa ndiyankha ndine.” Anawaimitsa pa ukulu mpaka mlandu utatha. Munthu amene wanyamula mbale ya mgonero zaka zonsezi, tsopano amakhala benchi lakumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene amakhala ochedwa.

Wina asathamangire kumutcha Rodney munthu woipa. Kuyambira tsiku limenelo munda wonse wa khofi wausenza yekha. Amadzuka nkhuku zisanatsike, wakonza denga la makolo ake, nkhuni sizisowa. Chipinda cha kanema anachotsamo mabenchi, muli matumba a chimanga. Akuyesa kubweza ndi manja chimene chikufunika pakamwa. A Thomson amalandira zonse, amati “Yewo chomene,” ndipo samatchula kanthu. Awiriwa amadyera mbale imodzi, amakamba za mvula ndi za feteleza.

Tsiku la khoti likuyandikira. Akuti chindapusa chake n'cholemera, ndipo wolephera kulipira amalowa m'ndende. NyaLuhanga analichapa jekete lija n'kulipachika kuseri kwa chitseko, pamene Rodney amalidutsa nthawi iliyonse polowa. Lamulungu lapitali, potuluka m'tchalitchi, Tawina anagwira dzanja la bambo ake.

“Adada, agogo analakwa chiyani kuti azikhala kumbuyo?”

A Thomson anali patsogolo pawo pang'ono ndi ndodo yawo. Anachepetsa liwiro, osatembenuka, khutu lili kumbuyo. Rodney anayang'ana kumwamba.

“Tiye, Tawina,” anatero. “Kukubwera mvula.”

Kumwamba kunali kopanda mtambo. A Thomson anayambanso kuyenda.